Alendo Anga a Nthawi ya Chiperoni

Ndikugwira ntchito yothyola tiyi, amayi a mumpingo mwathu tinapangana kuti mkazi wothawa nkhanza asamasowe khomo lolowa. Nyumba yapadera tinalibe. Tinkangosinthana, ndipo chiperoni cha chaka china chinapeza ili nthawi yanga, poti ndinali wamasiye ndipo chipinda china chinkangokhala.

Amene anabwera anali akazi a akapitawo athu, mayi amene ndinkathyola nawo tiyi munda umodzi. Anafika masana atafunda chitenje kumutu, diso limodzi litatsekeka ndi kutupa. Pambuyo pawo panali mwana wawo wamkazi wa Fomu 2 atanyamula jumbo ya zovala.

Akapitawo aja sanabwere kudzalongolola, ndipo bola akanatero. M'mawa uliwonse ankandipatsa mzere wa kumapeto kwa munda, kufupi ndi mitengo ya bulugamu, n'kuima chapatali. Kusikelo ankandipatsa moni mwaulemu n'kundifunsa ngati alendo anga akudya bwino. Tsiku lina ndikuweruka ndinapeza mapazi a jombo m'matope, atazungulira nyumba n'kukathera pawindo.

Tonsefe maso anali pa mayiwo. Za mwanayo tinkangoti ndi wofatsa. Ankasesa, ankatunga madzi, koma kusukulu analeka kupita ndipo chakudya ankangochitosa. Kenaka anapatsa mwana wa aneba juzi yake ya sukulu ndi nsapato, nati sazifunanso. Mmodzi wa gulu lathu anali namwino pakachipatala ka pa esiteti. Atamva za juziyo, nkhope inasintha. Anabwera, nakhala ndi mtsikanayo pakhonde, n'kumufunsa mosazungulira ngati akuganiza zodzipha.

Mtsikanayo anazolika.

"Ababa amati zonsezi n'chifukwa cha ine," anatero. "Ndikachoka ine, amayi apumula."

Mayi ake anali pakhomo, akumva. Sanalire. Anakhala pansi, namugwira phazi, n'kumuuza m'Chilomwe kuti kumenyedwako kunayamba iye asanabadwe.

Kuyambira pamenepo sitinamusiyenso yekha. Wina akapita kumunda, wina ankatsala naye. Anamwino anamutengera kuchipatala cha ku Boma kuti akacheze ndi odziwa za maganizo, ndipo mayi ake tinawaperekeza kupolisi, kuofesi yomva nkhani za nkhanza za m'banja. Akapitawo ataitanidwa anapita atavala jekete, napepesa bwinobwino, nalonjeza kusintha. Pobwerera tinakwera minibasi imodzi. Anakhala kumbuyo kwanga, ndipo njira yonse ndinkamva mpweya wawo pakhosi panga.

Sitinakhulupirire kupepesako. Loweruka lotsatira, akapitawo ali kufakitale, amayi angapo tinaperekeza mayi uja ndi mwana wake kwa Khwethemule, kwa alongo awo a mayiwo, amene anavomera kuwasunga ndi kumubwezera mwanayo kusukulu. Tinawauza zonse zimene anamwino anatilangiza: asamutonze, asamusiye yekha akayamba kukhala duu, ndipo azipita naye kuchipatala.

Akapitawo anakhalabe akapitawo anga mpaka ndinasiya ntchito. Nkhaniyi sanaitchulepo.

Mtsikana uja ndinadzakumana naye pamsika wa ku Boma patapita nyengo zingapo. Anali atanenepako, ndipo anandiuza kuti walemba mayeso a Fomu 4. Anaseka nane, anandigwira dzanja osalisiya. Koma nthawi yonse imene tinkacheza, mwamuna aliyense akamadutsa kumbuyo kwanga, mawu ake ankayamba aduka mpaka ataona nkhope.