Matenda Ochokera Kuchimuna

Nkhani iyi sindinaifotokozepo kwa munthu, ngakhale kwa mkazi wanga.

Ululu unayamba m'dzinja, patangopita zaka zochepa chilowereni matipate. Ndinali nditadya kampango wonona kwathu ku Ngala. Unandigwira pansi pa chifuwa n'kutulukira kumsana, ndipo ndinasanza mpaka ndulu. Kugona chagada sindinkatha, ndinkangokhala nditakumbatira mawondo. Akuluakulu a mpingo atamva anati ndi kachasu, chonsecho mowa sindinaulawepo. Anandiletsa kuwerenga mawu m'tchalitchi, ine amene ndinapita ku sukulu ya kwacha ndili ndi imvi pofuna ntchito yomweyo.

Kuchipatala anayamba andipatsa mankhwala a zilonda zam'mimba. Ululu utabwerera kangapo, ananditumiza ku Lilongwe. Kumeneko anandiika diripi, kundiletsa chakudya ndi madzi omwe, n'kumandibaya jakisoni woziziritsa ululu. Masiku ankathera podikira zotsatira za magazi. Potsiriza dokotala anati kapamba wanga, wothandiza kugaya chakudya, watupa.

"Bambo, pa mtundu panu alipo wina anadwalapo chonchi?" anandifunsa.

Ndinaganizira amayi, amalume, alongo anga ndi ana awo. Ndinati palibe.

Tsiku lotuluka anafunsanso. "Nanga bambo anu okubalani?"

"Amenewo si mtundu wathu, anali mkamwini chabe."

"Magazi sadziwa za chikamwini," anatero.

Anafotokoza kuti ena amabadwa ndi kachilema m'timadzi togaya chakudya tomwe kapamba amapanga, ndiye timayamba kugaya kapamba yemweyo. Kachilemako kamachokera kwa mayi kapena kwa bambo. Anati kunja ayamba kukapeza poyeza magazi, koma kuno njira imeneyo kulibe. Chomwe tili nacho n'kufunsa za makolo.

Apa m'pamene ndinakumbukira. Bambo anga anamwalira akubuula atagwira pamimba, mudzi wonse ukunena kuti ndi mowa, ndipo ine ndinavomereza nawo. Ndinakumbukiranso mwana wanga Yohane, amene amakhala kwa amalume ake ku Liwaladzi. M'mimba munkamupota kuyambira ali wamng'ono. Ndinkati za matenda ake n'za eni mbumba, iwonso ankangomutema mphini.

Lero ndikupezako bwino. Zamafuta ndinasiya, ndimadya pang'onopang'ono, ululu umabwera mwa apo ndi apo. Thupi silinabwerere, ndipo a mpingo sanabwere kudzapepesa. Inu amene m'mimba mukukupwetekani mpaka kumsana, fulumirani kuchipatala, musadikire kuti anthu akupezereni dzina la matenda. Akakufunsani za mtundu, tchulani akuchikazi ndi akuchimuna omwe.

Nditafika kunyumba kuchokera ku Lilongwe, m'mawa mwake ndinabwereka njinga n'kupita ku Liwaladzi. Ndinavula chipewa, ndinakhala pansi pamaso pa alamu anga, n'kuwapempha chilolezo choti ndimutengere kuchipatala mwana wobereka ndekha.