Mano a azakhali atsala m'dirowa

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza azakhali anga, aNabanda a ku Dzoole, kukatenga mano awo oyikirira ku Lilongwe. Tabwerako opanda mano, opanda ndalama, ndipo ine ndabwerako ndi mkwiyo umene ndikufuna ndikugawireniko.

Azakhaliwa ndi amene amayambitsa nyimbo m'kwaya ya kutchalitchi kwawo. Chaka chatha anagwa pa kabaza potsetsereka chitunda, mano awiri akutsogolo n'kuthyoka. Kuchipatala cha kufupi anazula zotsalira, n'kuwauza kuti oyikirira akawapeza kwa katswiri wa mano m'tauni. Ine ndinaimba foni ku ofesi ya katswiriyo kufunsa mtengo. Mtsikana wa pakauntala ananditchulira, ine ndinabwereza, iye n'kuvomera. Azakhali anagulitsa mtedza wawo wonse, kuonjezapo mbuzi, ndalama n'kukwana ndendende.

Ulendo woyamba, mwezi watha, tinapereka ndalama yonseyo pakauntala tisanakhale n'komwe pansi. Ine anandiuza kuti ndidikire panja chifukwa m'chipinda mumalowa wodwala yekha. M'katimo adokotala anayang'ana m'kamwa n'kunena kuti ndi bwino ajambule kaye ekisireyi. Azakhali anati, "Mmene mwaoneramo, adokotala." Adokotala anati mano enawa akufunika kutsuka ndi makina. "Mmene mwaoneramo." Anati dzino loyandikana ndi gwerulo likugwedera, kuli bwino lichoke kuti oyikirirawo akakhazikike. Azakhali, kukamwa kuli yasa, anangogwedeza mutu.

Inu a ku Dowa ndi ku Ntchisi mukudziwa mmene tinaleredwera. Wansembe, mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi, dokotala: amenewa sitiwadula mawu, ndipo sitiwafunsa kuti "ndi zingati" ali pakati pa ntchito yotithandiza. Kutero ndi mwano. Mayi wachikulire akadzipereka m'manja mwa munthu wodziwa, amakhulupirira kuti munthuyo amusamala ngati mayi wake. Azakhali anatuluka m'chipindamo ataluma thonje, akuthokoza ndi manja awiri. Palibe anawatchulira ngakhale tambala.

Ndiye Lachiwiri tinafika. Mtsikana uja anatsegula dirowa, n'kutulutsa kabokosi kolembedwa dzina la azakhali. Anakatsegula, mano tinawaona, oyera bwino. Azakhali anamwetulira kuseri kwa chitenje chimene amatsekera pakamwa masiku ano. Kenaka mtsikanayo anayang'ana pakompyuta, n'kutseka kabokosi kaja.

"Mayiwa ali ndi balansi," anatero.

"Koma tinalipira zonse," ndinayankha.

"Munalipira za mano awiri, bambo. Panopa ndi atatu. Ndiye pali ekisireyi, kutsuka, kuzula. Mayiwa anavomera zonsezi."

"Adokotala anawauza mtengo?"

"Adokotala sakamba za ndalama. Za ndalama ndi kuno."

"Nanga inuyo munawauza?"

"Ine sindilowa m'chipinda muja."

Mwamva? Wodziwa za mano sakamba za ndalama, wodziwa za ndalama salowa kumene kukuzulidwa mano. Pakati pa khomo la adokotala ndi kauntala pali dzenje, ndipo mugweramo wodwala yekha.

Ndinapempha kuti ndionane ndi adokotalawo. Anati kuonana nawo kuli ndi mtengo wake. Ndinapempha kuti titenge manowo, zotsalazo ndizitumiza pang'onopang'ono pafoni ndikamalandira malipiro. Anati sisitimu siilola.

Apa azakhali anasendera pafupi. "Mwana wanga, ndipatseni ndivale. Ndikakolola mtedza ndidzabweretsa ndekha. Kwathu aliyense amandidziwa, sindinathawepo ngongole ya munthu."

Mtsikanayo si munthu woipa ayi, ndipo zinaoneka kuti zamukhudza. Anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Mayi, musachedwe nazo. Pamene anazula paja nkhama zimafota. Pakapita miyezi manowa sadzalowanso, adzayeza kachiwiri, mudzalipiranso."

Mtedza wina ukololedwa chaka chamawa. Mbuzi inapita kale. Malipiro anga, ndi ana atatu pasukulu, inu mukuwadziwa mmene amathera.

Tili chiimire choncho kunatuluka bambo wina wa tayi. Anapereka khadi la inshulansi ya kuntchito kwake, kusayina osawerenga, n'kumapita akuimba foni. Sindikumuchitira nsanje. Koma ndinazindikira kuti ofesi imeneyi inakonzedwera anthu ngati iyeyo, amene bilu yawo imapita kwina. Ife amene timabwera ndi ndalama yomangidwa pamfundo ya chitenje, yowerengedwa kawiri pa mphasa, amangotilandira, koma sanatiganizirepo.

Wina anena kuti safunsa anadya phula. Zoona. Koma tandiuzeni, mumafunsa bwanji mutagonekedwa chagada, nyali ikukuthobwani m'maso, chitsulo chili m'kamwa, mlomo utachita dzanzi? Udindo wotchula mtengo ndi wa ndani, wogona kapena woimirira?

Pamsika wa Madisi, mayi wogulitsa usipa amatchula mtengo asanakulunge. Kuchigayo amayeza chimanga n'kukuuzani zolipira asanathire. Wokonza njinga ku Kasakula akapeza kuti tcheni nachonso chatha, amakuitanani kaye kuti, "Bwana, ichi nacho tisinthe? Chikwera mwakuti." Anthuwa sanapite ku koleji. Nanga n'chifukwa chiyani munthu amene anaphunzira zaka zambirimbiri akuona ngati kutchula mtengo kumuchotsera ulemu, pamene kulandira ndalamayo sikumuchotsera?

Sindikunena kuti adokotala azigwira ntchito yaulere. Makina aja ndi odula, lendi ya m'tauni ndi yodula, ndipo ntchito yawo ndi yabwino, manowo ndinawaona ndi maso anga. Mwinanso dzino lija linkafunikadi kuchoka. Ndikungonena kuti chitsulo chisanakhudze dzino, munthu auzidwe kuti ichi ndi chakutichakuti, mukwanitsa? Azakhali akanati, "Lisiyeni kaye, ndabwerera awiriwa." Lero akanakhala akuimba.

Pobwerera tinakwera minibasi. Titadutsa Mponela azakhali anandifunsa, chitenje chili pakamwa, "Kodi iwe, ndikanakana kuti asazule lija, sakanandiona ngati wamwano?"

Izi ndi zimene zikundiwawa kuposa ndalamayo. Mayi wataya dzino, mtedza ndi mbuzi, koma nkhawa yake ndi yakuti mwina akanalakwira adokotala.

Lamulungu nyimbo anayambitsa mayi wina. Azakhali anakhala kumbuyo, akungoomba m'manja. Tsiku lililonse likamadutsa nkhama zawo zikufota, ndipo kabokosi kaja kakuyandikira kukhala chinthu chotaya.

Adokotala, mano ali m'dirowa mwanumo anaumbidwa poyeza m'kamwa mwa aNabanda. Sangalowe mwa munthu wina aliyense padziko lino. Mukuwasungira ndani?