Tsitsi Langa mu Envulopu

Amayi anandilera ndi lamulo losakambirana: ukameta, tola tsitsi lonse ukataye kuchimbudzi, lingagwe m'manja mwa anthu oipa. Nditakula ndinakhala mkulu wa mpingo ku Barking, kuno kudziko la azungu, n'kumalalikira kuti zimenezo n'zachikunja. Pakamwa pokha, abale.

Kuntchito ku Croydon, kumene ndimayendetsa minibasi ya okalamba, anayambitsa zotiyeza mankhwala osokoneza bongo. Amadula tsitsi pang'ono, kuika mu envulopu, kutumiza kutali. Ukakana, ntchito yatha, ndipo ine ntchito ikatha, viza nayo yapita. Ankati imasankha mayina ndi kompyuta, mosaona nkhope. Koma kompyutayo inandikonda bwanji! Katatu chaka chimodzi, ine wosalawako ngakhale thobwa losasa, ndipo katatu konse osandipeza kanthu. Dalaivala mnzanga wachizungu, watsitsi lofika m'mapewa, sinamutchulepo.

Ndinadandaula? Kuti! M'basi ndinkakonza mawu aukali, Chingerezi chakupsa, koma ndikafika pamaso pa abwana ndinkangoti zikomo. Ndipo ndiulule, chimene chinkandidya kwambiri sichinali tsankholo. Inali envulopu ija. Tsitsi langa lili kuti? Ali nalo ndani? Bondo likangoti tsweee, mumtima ndinkati basi, ayambapo.

Ndiye ndinapeza nzeru: ndinameta mpala. Tsitsilo ndinalitola lonse, ine mkulu wa mpingo, n'kukaligujumula kuchimbudzi. Mkazi wanga anaseka mpaka kukhala pansi.

"Abambo, kuzizira konseku? Mwaferedwa?"

Kompyuta inanditchulanso. Ndinalowa m'chipinda choyezera modzithemba, n'kuvula chipewa. Mayi woyezayo anayang'ana mpalawo, osadabwa n'komwe.

"Vulani malaya, kwezani mkono."

Anadula la kukhwapa. Ine chilili, bambo wa ana atatu, mkono m'mwamba ngati mwana wasukulu wodziwa yankho. Ndinachita manyazi mpaka misozi kulengeza, koma malaya sindinakane kuvula, poti lendi ndi sukulu ya ana zili pa viza yomweyo.

Potuluka ndinapeza anzanga atatu pabenchi akudikira kuyezedwa, onse akuda, awiri ali mpala ngati ine. Tinangoyang'anana, palibe anaseka. Mzungu uja anatulukira ndi kapu ya tiyi, tsitsi lili wirawira, n'kuima kutiyang'ana mitu.

"Kodi kumeta chonchi ndi mwambo wa kwanu?"

Tsiku limenelo zikomo sanabwere.

"Ayi," ndinatero. "Ndi mwambo wa konkuno."