Ndiwo Zimene Ndinapatsa Galu

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki m'nkhalango ya paini ku Chikangawa kwa zaka zambiri, ndipo nditapuma sindinabwerere kwathu ku Dedza. Tinamanga nyumba pa Mzimba boma, chifukwa akazi anga kwawo ndi ku Champhira ndipo ana athu anakulira kuno. Ndikunena zimenezi poyambirira kuti zidziwike kuti ndinali munthu wobwera, wokhala pakati pa abale a mkazi, womva Chitumbuka bwino ndithu kupatula pamene chikuyankhulidwa mothamanga ndi anthu oseka.

Chaka chachiwiri chipumireni, thupi langa linayamba kusintha. Ine amene ndinapirira chisanu cha ku Chikangawa ndi malaya a manja aafupi ndinayamba kuvala juzi mwezi wa Okutobala. Ndinkaodzera pampando nditangomwa tiyi wam'mawa. Mawu anasasa, nkhope inafufuma, kolala inayamba kundithina ngakhale kuti sindinkadya kwambiri. Choposa zonse, ndinasiya kutsutsa. Mlembi wa mpingo wathu anawerenga lipoti la chaka lodzaza ndi ziganizo zopanda mutu, ine ndili pomwepo, koma sindinakweze dzanja. Akazi anga akanena kuti tigulitse mbuzi, ndinkavomera; akanena kuti tisagulitse, ndinkavomeranso.

Amene anatchula dzina la vutoli anali mnzanga wa pa bawo, mphunzitsi wopuma wochokera ku Ntcheu. Tsiku lina nditakhala nthawi yaitali nkhomo zili m'manja osatakata, anandiyang'anitsitsa nati:

"Achimwene, musavutike kufufuza. Mwamuna akafatsa chonchi sanadwale ayi, waphikiridwa. Alamu akuthirirani khuzumule."

Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Koma khuzumuleyo, mankhwala amene amati mkazi amathira m'ndiwo kuti mwamuna apuse, ndinafika naye kunyumba ali m'mutu.

Ndinayamba kuona zimene ndinali ndisanazionepo. Ndiwo zanga zinkabwera m'kambale kakekake kokhala ndi chivundikiro. Zaka zonsezo ndinkati ndi ulemu. Mlamu wanga, mng'ono wawo wa akazi anga, akabwera kuchokera ku Champhira ankabweretsa timapukusi ta masamba ouma, ndipo awiriwo ankatsitsa mawu ndikadutsa pakhomo la khitchini. Ndinafunsa kamodzi za timapukusito. Anandiyankha kuti ndi mfutso wa nkhwani, koma yankholo linafulumira kwambiri moti silinandikhutiritse.

Ine si munthu woimba mnzake mlandu popanda umboni. Tinali ndi galu wolusa amene ankauwa ngakhale ine mwini nyumba. Ndinalingalira kuti ngati m'ndiwo muli chofatsitsa munthu, chifatsitsanso galu. Choncho masana aliwonse ndinkapempha kudyera pakhonde la kuseri, ndinkamukhuthulira galuyo ndiwo zonse, kenako ndinkatsikira ku depoti kukadya m'lesitilanti. Zimene ndinkaona ndinkazilemba m'kabuku, tsiku ndi tsiku. Sabata yachitatu galu anasiya kundiuwa. Yachinayi anayamba kunditsatira ndi kugona pamapazi panga. Ndinalemba kuti umboni wapezeka, ndinadula mzere kunsi kwake. Sizinandifike m'mutu kuti galu aliyense amafatsira womupatsa nyama, kapena kuti ineyo, nditasiya ndiwozo mwezi wathunthu, ndinali ndikufookerafookerabe.

Kabukuko anakapeza akazi anga m'thumba la jekete pofuna kuchapa. Sanakalipe. Anandiuza kuti atumiza uthenga kwa ankhoswe ndipo Loweruka akwera galimoto ya ku Champhira, pakuti mkazi woganiziridwa zotere sangapitirize kuphikira mwamunayo. Koma asanapite anafuna chinthu chimodzi: kuti ndipite nawo kuchipatala, kuopa kuti abale anga angadzanene kuti anandithawa atandiwononga. Ukwati wa zaka zoposa makumi atatu unali utatsala ndi masiku anayi.

Tinaima pamzere wa odwala osagonekedwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika paliwombo. Titalowa, adokotala analonjerana ndi akazi anga m'Chitumbuka, ndipo posakhalitsa zinadziwika kuti amayi awo a adokotalawo ndi a kufupi ndi Champhira komweko. Anaseka pamodzi. Ine ndinakhala nganganga, ndikudziuza kuti mlandu wanga wagwera m'manja mwa achibale.

Anandigwira pamkono akuyang'ana wotchi, nanena kuti mtima ukugunda mwaulesi. Anandivulitsa tayi, anaima kumbuyo kwanga zala zili pakhosi panga, nandiuza kuti ndimeze madzi. Anayang'ana nsidze zanga, zimene kumapeto kwake zinali zitathothoka ine osadziwa. Anafunsa za tulo, za kuzizidwa, za kudzimbidwa, ndipo mafunso onsewo ankayankha akazi anga ine ndisanakonze chiganizo. Ndinadabwa kuti akudziwa zochuluka chotero, ndipo kudziwako ndinakuika pa umboni wanga. Pomaliza anatulutsa kabuku kaja m'chikwama nakaika patebulo.

"Werengani, adokotala. Adada awa akuti ndikuwadyetsa mankhwala."

Adokotala anawerenga masamba awiri, natseka kabukuko osaseka. Anafotokoza kuti pakhosi pali kachiwalo kotchedwa chithokomiro, kamene kamatulutsa zopatsa thupi changu. Kakafooka, munthu amazizidwa, amaodzera, maganizo amayenda pang'onopang'ono. Anati akukayikira chimenechi, koma chotsimikiza ndi magazi, ndipo magaziwo ayenera kupita ku Mzuzu kumene kuli makina ake. Ndinapempha kuti ndione ndi maso anga dzina langa likulembedwa pa kabotolo. Anandilola.

Loweruka akazi anga sanakwere galimoto. Anati adikira zotsatira, ndipo anasamukira m'chipinda chimene ankagona ana. Anapitiriza kuphika, koma anayamba chinthu chatsopano. Kuno mwini mowa amayamba ndi iye kumwa pang'ono asanapereke kwa mlendo, kuti mlendoyo adziwe kuti mulibe choipa. Akazi anga ankavundukula kambale kanga, ankatapa ndi supuni, ankameza ine ndikuona, kenako ankakankhira kambaleko kwa ine. Tsiku loyamba ndinaganiza kuti mwina amayamba amwa chosukulutsa mankhwalawo.

Zotsatira zinabwera patatha masabata atatu. Adokotala aja sanalipo. Tinapeza adokotala aakazi ochokera ku Zomba, obwera kumene, amene Chitumbuka chawo chinali "yewo" basi. Anawerenga pepala nanena zomwe zija: chithokomiro changa chinali chitafooka kwambiri. Ndinafunsa ngati pali chakudya kapena mtengo umene munthu angadyetsedwe n'kufika pamenepa. Anandiyang'ana, anayang'ana akazi anga, nayankha kuti matendawa amadza okha, kawirikawiri popanda wowaputa. Anandilembera timapiritsi ting'onoting'ono, kamodzi m'mawa uliwonse ndisanamwe tiyi, moyo wanga wonse, ndi kubwerera patatha miyezi iwiri kuti magazi akayezedwenso. Timapiritsito ndinkatitsekera m'dilowa, kiyi ili m'thumba mwanga.

Miyezi iwiri isanathe ndinavula juzi. Mawu anabwerera. Pa msonkhano wotsatira ndinaimitsa mlembi wa mpingo katatu. Mnzanga wa pa bawo anati khuzumule wasukuluka, ndipo ndinamuyankha mawu amene sindingawalembe pano.

Kupepesa ndinakukonzekera masiku awiri. Ndinakhazika akazi anga pansi, ndinayala zonse mwadongosolo, kuyambira pa bawo mpaka pa galu, osadzichepetsera mlandu. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mwayankhula bwino chomene, adada," anatero. "Idyani zisanazizire."

Anatenga supuni, nalawa, nakankhira kambale kwa ine.

Ku Champhira sanapite, ndipo ankhoswe sanabwere. Kiyi ya dilowa ndinawapatsa, koma anaibweza, nati mankhwala anga ndizisunga ndekha. Papita zaka zisanu ndi chimodzi tsopano. Ndimapita kuchipatala pa nthawi yake, ndipo amandiperekeza, atanyamula kabuku kanga kakuchipatala m'chikwama chomwe chija. Koma palibe ndiwo imene imafika pakamwa panga isanafike pakamwa pawo. Ndawapempha kangapo kuti asiye. Amati dzanja linazolowera. Mwezi watha mpongozi wathu, mkazi wa mwana wathu woyamba, ataona zimenezi anati sanaonepo chikondi chotere, nafunsa kuti mwambowu unayamba bwanji. Ndinayembekezera kumva mlandu wanga ukutchulidwa pamaso pa mwana. Akazi anga anapukuta supuni, nayankha kuti adada sakonda mchere wambiri.