Kutembenuza Amayi

Amayi anga anagundidwa ndi minibasi ku Limbe, chakumunsi kwa msika, m'nyengo ya chiperoni. Anapita kwa amwenye kukagula nsalu ya yunifomu ya kutchalitchi, pakuti yakale inali itatha m'mapewa. Pobwerera, minibasi ziwiri zinkalimbirana anthu pasiteji, ina n'kubwerera chafutambuyo mwaliwiro kuti itsekereze inzake. Amayi anali kumbuyo kwake. Anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi atatu koma ankayenda okha, opanda ndodo, ndipo akakwiya ankandisiya m'mbuyo pa chitunda cha ku Mbayani, kumene ankakhala ndi mlongo wanga.

Malipoti a apolisi ndili nawo awiri. Pa loyamba analemba kuti mayi wokalamba anawoloka msewu osayang'ana. Ndinalipangitsa fotokope, kenako ndinalibweza. Munthu amayang'ana kumanja ndi kumanzere. Ndani anaphunzitsidwapo kuyembekezera galimoto yoyenda ndi kumbuyo pakati pa anthu? Ndinapitako kasanu mpaka anakonza chiganizocho. Dalaivala anathawa tsiku lomwelo, ndipo mwini minibasi sanabwere ngakhale kudzati pepani. Nambala yake ndinailemba. Mpaka lero ndikaiona ikudutsa, itadzaza anthu, ndimaima n'kuiyang'ana mpaka itakhota.

Ndinagwira ukalaliki pa sitolo yopikulitsa katundu ku Limbe komweko zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo kumeneko ndinaphunzira kuti pepala silitayidwa. Choncho za amayi zonse ndinaziika mu fayilo imodzi: malipoti aja, buku lawo la kuchipatala, zithunzi za mafupa, ngakhale timapepala ta mankhwala. Fupa la m'chiuno linali litathyoka. Anadikira opaleshoni masiku ambiri, ndipo pamapeto pake anawaika chitsulo. Nthawi yonseyo gadiyani wawo anali mlongo wanga. Ankagona pansi pambali pa bedi, kuwasambitsa, kuwadyetsa. Ine ndinkabwera pa nthawi yoona odwala, fayilo ili m'khwapa, n'kumafunsa mafunso.

Tsiku lotuluka, dokotala wamkazi wachitsikana anabwera pabedi. Mlongo wanga anali atapita kukatsuka mbale kumpopi wa magadiyani. Dokotalayo anaona munthu wa jekete ndi fayilo, n'kulankhula ndi ine.

"Bambo, mvetsani bwino. Chitsulo chakhala bwino. Agogowa akhoza kuyendanso. Koma muziwatembenuza maola awiri aliwonse, usana ndi usiku, kumanja kenako kumanzere. Azilira, koma muziwatembenuzabe. Akangogona chagada masiku angapo, khungu la kumatako ndi kumunsi kwa msana limafa, pamabuka chilonda. Chilonda chikabuka, mafizo owaphunzitsanso kuyenda sangayambe, ndipo miyendo ikauma, basi kwatha. Mubwere nawo pakatha masabata asanu ndi limodzi."

Ndinalemba zonse, kenako ndinamupempha kuti asaine pansi pake. Anaseka.

"Kodi munali wapolisi, bambo?"

"Kalaliki."

"Ndiye agogowa ali m'manja abwino."

Tinawatengera kunyumba kwanga ku Manja, chifukwa kwa mlongo wanga galimoto siifika pakhomo, ndipo pamatsala kanjira ka miyala koti munthu wodwala chiuno sangadutsepo. Mlongo wanga anasamukira kwathu. Tinawapatsa chipinda cha ana, amene onse anakula n'kuchoka.

Za yemwe azilowa m'chipindamo sitinakambirane, chifukwa panalibe chokambirana. Kwathu mwana wamwamuna saona thupi la mayi ake. Sawasambitsa, sawasintha nsalu, ndipo ngakhale kutchula ziwalo zina za mayi ako pamaso pa mlongo wako, lilime limakana. Ntchito ya m'kati inali ya mlongo wanga ndi mkazi wanga. Yanga inali ya kunja kwa chitseko.

Pano ndiyenera kulemba bwinobwino zimene ndinawauza madzulo a tsiku loyamba, popeza ndaziganizira kambirimbiri. Ndinati, "A dokotala akuti amayi azitembenuzidwa maola awiri aliwonse." Mlongo wanga anafunsa kuti chifukwa chiyani, munthu wongochitidwa kumene opaleshoni. Ndinayang'ana pepala lija. Mawu a khungu la kumatako anali pomwepo, olembedwa ndi dzanja langa. Ndinati, "Ndi lamulo la kuchipatala, achemwali. Kuti magazi aziyenda." Ndinatseka fayilo.

Ndinagula kope, n'kulilemba mizere ndi rula ngati makadi a katundu amene ndinkasunga kuntchito. Mzere wa nthawi, wa mbali imene agonera, wa mankhwala, wa amene wawatembenuza. Ndinaika mpando pakhonde la m'nyumba, moyang'anizana ndi chitseko. Nthawi ikakwana ndinkagogoda.

"Achemwali, teni koloko."

"Tamva, achimwene."

Pakapita kanthawi: "Tawatembenuza. Kumanzere."

Ine n'kulemba.

Masiku oyamba kunali kulira kumene sindikufuna kukukumbukira. "Mayo ine! Ana inu mukundipha! Ndinakulakwirani chiyani?" Ndinkagwira cholembera mwamphamvu mpaka zala kuwawa. Mkazi wanga ankatuluka maso ali ofiira. Koma sabata isanathe kulirako kunatha. Ndinkagogoda, ankandiyankha, m'chipinda muli zii, ndipo ndinkalemba. Ndinaganiza kuti fupa likugwirana. Anthu a kutchalitchi atabwera kudzapemphera ndinawaonetsa kope lija, ndipo mkulu wina wa mpingo anati achipatala azibwera kudzaphunzira kwa ine.

Masana alionse akaziwo ankandiitana kuti ndiwapatse moni amayi. Ndinkawapeza atasambitsidwa, duku lili kumutu, bulangete lili mpaka m'khosi, zenera lili lotsegula ngakhale kunkazizira. Tinkacheza. Ankandifunsa za mitengo ya mapeyala imene anaisiya kumudzi ku Chiradzulu, ankandinyoza kuti ndakalamba kuposa iwo. "Achimwene, imvi zonsezo mwazitenga kuti? Bambo anu anamwalira mutu uli bii." Ankanditchula achimwene kuyambira tsiku limene mlongo wanga anabadwa.

Chinthu chimodzi ndinachiona ndithu. Nthawi zonse ndikalowa ankakhala atagona chagada, ngakhale pamene kope linkanena kuti ali kumanja. Ndinafunsa.

"Timawagoneka choncho kuti akuoneni," anatero mlongo wanga. "Kapena mukufuna muzicheza ndi msana wawo?"

Amayi anaseka, nanenso ndinaseka. Yankholo linandikwanira.

Amene anandiuza zoona ndi mkazi wanga, m'sabata yachinayi. Ndinali kuseri kwa nyumba ndikumanga mpanda umene unagwa ndi mphepo. Anabwera ndi beseni la zochapa, n'kuliika pansi, osayamba kuchapa.

"Abambo, kope lanu lija ndi labodza."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Amayi anakaniza. Tsiku lachisanu chifikire kuno anawagwira alamu dzanja n'kunena kuti, iwe ndinakuyamwitsa ine, ukandikhudzanso mwendowu usadzalire pamaliro anga. Alamu anasiya. Ine ndine mtengwa, ndikanawagwira bwanji apongozi mwamphamvu mwana wawo ataleka? Tinkangowakweza pang'ono posintha nsalu."

"Nanga kundiyankha kuja?"

"Mukanatisiya tikanati ayi? Inu ndi wotchi yanuyo?"

Kenako ananena zenizeni. Panali chilonda. Chinayamba ngati kufiira chabe, kenako chinatseguka. Ankachitsuka ndi madzi amchere n'kuthirapo ufa wa m'makapisozi amene mlongo wanga anagula kugolosale. Tsopano chinayamba kununkha, ndiye chifukwa chake zenera linkakhala lotsegula.

"Bwanji simunandiuze?"

"Chili pamalo poti mwamuna sauzidwa. Ndipo sitinkadziwa kuti chabwera chifukwa cha kugona. Alamu amati ndi mankhwala a kuchipatala akutuluka m'thupi."

Sindinasambe ndi m'manja momwe. Ndinalowa m'nyumba, n'kutsegula chitseko chija osagogoda. Mlongo wanga anali akuwapatsa phala. Amayi anandiyang'ana, anayang'ana dothi la m'manja mwanga.

"Achimwene, mwasokera chipinda."

"Sindinasokere, amayi. Achemwali, ikani mbaleyo pansi, mugwire miyendo."

"Mwapenga kodi?" anatero mlongo wanga. "Anthu akamva?"

"Akamva abwere adzawatembenuze okha."

"Tulukani," anatero amayi. Sanakweze mawu. "Ndine mayi wanu ine. Tulukani."

Ndinapita kukasamba m'manja ndi sopo, ndinabwerera. Mkazi wanga anagwira miyendo, pakuti mlongo wanga anali ataima pakona akulira. Ndinalowetsa dzanja limodzi pansi pa phewa, lina pansi pa chiuno. Anali opepuka ngati mtolo wa udzu. Anakuwa kamodzi kokha. Chilondacho chinali kumunsi kwa msana, chachikulu ngati chikhatho changa, chakuda m'mbali, chakuya moti sindinafune kudziwa chimene ndinkaona pakati pake. Nditakweza maso, amayi anali atakokera duku kumaso.

M'mawa mwake tinabwerera nawo kuchipatala. Tinakumana ndi dokotala yemwe uja. Anayang'ana chilonda nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati tinkawatembenuza. Mlongo wanga anawerama. Ine ndinatulutsa kope, sindikudziwa chifukwa chake, mwina dzanja linangozolowera. Anatsegula masamba, mizere yonse yodzaza, popanda ndi bokosi limodzi lomwe lotsala.

"Analemba ndani?"

"Ine."

"Munkaona?"

"Ayi."

Anandibwezera kope, n'kuitana namwino.

Ndinakwiya kwambiri, ndipo mkwiyowo sunathe. Ndinakwiyira dalaivala uja. Ndinakwiyira mlongo wanga, moti kwa masabata awiri tinkangolankhulana za mankhwala basi. Ndinakwiyira ndi achipatala omwe, ndipo pamenepa sindinasinthe maganizo: amadziwa bwino lomwe kuti wosamalira mayi wokalamba ndi mwana wamkazi, amamuona akugona pansi m'wodi mwawo milungu yathunthu, koma pofotokoza zofunika amafunafuna wa jekete. Akanadikira mphindi zisanu kuti munthu abwere kuchokera kumpopi.

Koma pepala limene dokotala anasaina likadali mu fayilo, ndipo limanena momveka za khungu, za malo ake, ndi za chimene chimatsatira. Mlongo wanga anapatsidwa lamulo lopanda chifukwa, loti azizunza mayi ake kakhumi ndi kawiri pa tsiku. Akanadziwa kuti kuliraku ndiko mtengo wa kuyenda, ndikumudziwa, akanalimba mtima ngakhale atatembereredwa. Amene anameza chifukwacho ndine. Ndipo pa zaka zonse za ukalaliki sindinasainirepo katoni imene sindinaitsegule. Bwana ankanditcha wovuta, oyendetsa malole ankandida. Koma za amayi anga ndinalemba masabata anayi ndili kunja kwa chitseko, mawu ongomva.

Amayi anakhala m'chipatala mwezi wina. Atabwerera kunyumba, wotembenuza ndinali ine. Tinapeza njira yake: mlongo wanga ankawafunditsa chitenje kuyambira pachifuwa mpaka m'maondo n'kuchigwira, mkazi wanga ku miyendo, ine phewa ndi chiuno, maso ndili kudenga. Kutsuka chilonda ankatsuka akaziwo, koma kamodzi pa tsiku ndinkachiona ndi maso anga, n'kuchiyeza ndi rula. Nkhani inamveka. Azakhali ena a kumudzi anatumiza uthenga woti ndachita zamalaulo, ndipo pamene anabwera kudzazonda anakana kudya m'nyumba mwanga.

Chilonda chinatseka patatha miyezi isanu. Tinapita nawo ku mafizo tili ndi chiyembekezo pang'ono. Mnyamata wa kumeneko anagwira bondo, anayesa kuliwongola, amayi anakuwa, iye n'kulisiya. Anayesa linalo. Anatiuza mwaulemu kuti maondo onse awiri anauma ali opindika, minofu inatha, ndipo pa msinkhu wawo sangawavutitsenso. Chitsulo cha m'chiuno chinali chili bwinobwino, anatero, fupa linagwirana bwino lomwe. Anatilangiza za njinga ya olumala.

Amayi anakhala nafe chaka china ndi miyezi ingapo. Ankadya, ankapemphera, ankaseka ndi mkazi wanga, ankakangana ndi mlongo wanga za mchere. Koma kuyambira tsiku limene ndinatsegula chitseko chija sanandiyang'anenso kumaso, ndipo sanandilankhulenso mwachindunji. Ndikalowa ankatembenuzira nkhope kukhoma. Ndikapereka moni ankayankha kudzera mwa mlongo wanga, ngati mmene mayi amachitira ndi mkamwini wake.

"Auzeni achimwene anu kuti ndadzuka."

"Akuti adzuka, achimwene."

"Ndamva, achemwali."

Ndinayesa kupepesa kamodzi, tili atatu. Ndinagwada pambali pa bedi, maondo anga okalambawa akulira, n'kunena kuti ndinachita zimenezo pofuna kuti akhale ndi moyo. Amayi anapitiriza kuyang'ana khoma.

"Auzeni kuti ndikudziwa," anatero kwa mlongo wanga. "Auzeninso kuti adzuke pansipo, simenti ikuzizira."

Mlongo wanga sanabwereze mawuwo. Anangondigwira mkono n'kundithandiza kuimirira, ndipo popeza nthawi inali itakwana, tinawatembenuzira kumanja.