Lole Yokana Kulira Ikasenza Mabelo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pa zitumbuwa. Ndinali nditamaliza maphunziro a umakaniki, koma galaja iliyonse imene ndinkapita ankangondiyang'ana kuti mtsikana ameneyu wasochera, n'kundiuza kuti malo palibe. Ndiye ndinkagulitsa zitumbuwa pa Santhe, pafupi ndi galaja ya a Nkhoma, mdala waukali koma wokonda zotsekemera. Tsiku lina akugula, minibasi inadutsa ikulira kuti tswii, ine n'kungoti, "Lamba wa fani ameneyo wakhwepa." A Nkhoma anasiya kutafuna. Mawa lake ndinali mu ovolosi yawo yakale, miyendo yake nditaipinda katatu. Anandipatsa mwezi umodzi woti andione.

Sabata yachiwiri kunabwera lole ya matani atatu ya a Mwale, alimi a fodya a ku Lisasadzi. Anati nthawi zina imalira bwinobwino, nthawi zina ukapotokola kiyi imangoti "thi", basi. Koma pagalaja, ha, inalira kamodzi n'kamodzi. Ndinayeza batire ndi mita, inali yodzaza. Ndinapala mitu ya batire ndi sandipepa, ndinamasula sitata n'kusintha mabulashi, kenako ndinalengeza monyada kuti zatheka. Patangopita masiku atatu, loleyo inabweranso. A Mwale anati kumudzi anachita kuikankha. Ndinasintha swichi ya kiyi, inalira ngati yatsopano.

Ulendo wachitatu ndiwo sindidzauiwala. A Mwale anaimba foni m'mawa akupsa mtima. Linali tsiku loti mabelo a kalabu yawo akalowe ku okushoni, ndipo akanaphonya akanadikira nthawi yaitali, fodya wa mabanja asanu ali m'chigafa. Lole inali itasenza kale, itaima pamchenga posatheka kukankha.

A Nkhoma anandiloza ndi sipanala. "Wodwala wako uja. Pita. Ikapanda kulira, udzandibwezere ovolosi yanga."

Ndinakwera kabaza ya njinga yamoto, chikwama cha zida pamiyendo. Ndinali ndi mantha, ndisaname. Nditafika ndinapeza anthu atazungulira lole ngati pamaliro. Ndinayesa kiyi, zii. Batire, yodzaza.

Amayi Mwale anandikokera pambali. "Mwanangu, musadzivute, izi ndi za anthu. Alamu athu kuno sationera kukondwa. Nanga galimoto ingadziwe bwanji kuti yanyamula fodya? Ikakhala yopanda kanthu imalira, tikangomanga mabelo imakana."

Abale inu! Maulendo awiri onse aja palibe anandiuza zimenezi, ndipo inenso sindinafunse. Kugalaja inkabwera itatsitsa katundu.

Ndinayatsa nyali zakutsogolo n'kupempha a Mwale apotokole kiyi. Nyali zinathimiratu, kusonyeza kuti penapake magetsi sakudutsa bwino. Pa malole amenewa batire imakhala panja, m'mbali mwa chesesi, chitsulo chachikulu chapansi chonyamula thupi la lole, ndiye ndinagona chagada pamchenga n'kulowa pansi. Ndinaseka ndekha. Mbedza yomangapo chingwe mbali imeneyo inathyoka kalekale, ndipo omanga mabelo, posowa pokoleka, ankazengeza chingwe pa waya wakuda wonenepa uja wochoka ku batire kupita ku chesesi, amene timati ethi. Kumapeto kwake bawuti inali yokhwepa, yadzimbiri. Amuna anayi akakoka chingwe ndi mphamvu zawo zonse, wayayo ankanyamuka pachitsulo. Akamasula, ankabwerera pamalo pake ngati sanalakwe kanthu. Ine ndinkangopala ku batire, kumapeto kwinako osayang'anako.

Tinamasula chingwe. Ndinachotsa bawuti ndi sipanala ya 13, ndinapala mpaka chitsulo chitawala, ndinaika washa yatsopano, kumanga zolimba, kupaka girizi pamwamba. Chingwe tinachikoleka pa chesesi penipeni. A Mwale atapotokola kiyi, injini inabangula, amayi n'kuimba nthungululu.

Amayi Mwale anagwira pakamwa. "Ndiye alamu aja takhala tikuwanenera pachabe?" Alamuwo anali pomwepo, ndipo ndi amene ankatsogolera kukoka chingwe. Tinaseka mpaka misozi. Mabelo anakalowa tsiku lomwelo.

Nditawafotokozera a Nkhoma, anaseka kaye, kenako nkhope inauma. "Unawafunsa kuti imakana ikatani?"

"Ayi, bwana."

"Sitata unaimasulira chiyani, eni ake ali ndi pakamwa?"

Kuyambira tsiku limenelo, galimoto yokana mwa apo ndi apo sindithamangira kuitsegula. Ndimayamba ndakhala pansi ndi mwini wake, ngakhale mkazi wake, kufunsa kuti imakana itaima pati, itanyamula chiyani, ndipo waigwira ndani. Tsiku lotsatira ulendo uja tinawotcherera mbedza yatsopano pa lole ija. Tikumaliza, a Nkhoma anayang'ana miyendo ya ovolosi yopindidwa ija n'kuti, "Ovolosi imeneyo kaidulitse kwa telala. Ukundichititsa manyazi, makaniki wanga."