Nkhunda za Abu Sakher Zadya Mpunga wa Boma

Mumzinda wa Zarqa muno munthu woweta nkhunda samukhulupirira ngakhale atalumbira. Amati n'ngabodza chibadwire, poti ntchito yake ndi kunyengerera nkhunda za mnzake kuti zitere padenga lake, kenako n'kukana kwamtuwagalu. Abu Sakher wakalambira padenga pomwepo. Dzuwa likapendeka amatsekula khola, n'kumazunguza ndodo ya nsanza, mluzu uli pakamwa, uku akuponya malalanje m'mwamba ndi legeni kuti nkhunda zikwere. Mdani wake ndi mmodzi, Abu Hilal wa denga loyandikana nalo.

Tsiku lina lalanje linasochera n'kukaswa mphuno ya mwini sitolo wina, nkhani n'kufika kukhoti. Mlanduwo unali wochepa. Koma woweruza ali mkati molankhula, Abu Sakher anasuzumira pawindo n'kuona nkhunda za Abu Hilal zikuzungulira cha pamwamba pa khola la iye mwini. Anavula malaya, nawazunguza, naliza mluzu woboola m'khutu.

"Bambo inu, mutu ukuyenda bwino?" anafunsa woweruza.

"Wanga uli bwino, bwana. Wopenga ndi wakuba uja!" anatero akuloza kumwamba kopanda munthu.

Woweruza sanataye nthawi. Analamula kuti mlandu uyambe waima, munthuyu akagonekedwe kuchipatala cha boma cha amisala cha paphiri, madokotala atatu akamupime ngati ali woyenera kuzengedwa mlandu.

Kumeneko anam'patsa bedi ndi zovala zamizeremizere, koma tulo sanationepo. Mkazi wake, Umm Sakher, yemwe wakhala akutsuka zitosi pa zochapa zake kuyambira tsiku la ukwati, anabwera kudzamuzonda.

"Nkhunda yamphongo yofiira ija yagona kwa Abu Hilal," anatero akusenda lalanje. "Ine ndimangotsekula khola. Mluzuwo ndiye ayi, ndine mayi wa ana."

"Mukundipha, Umm Sakher! Yofiirayo ikapita, zonse zitsatira!"

"Zitsatire. Mwina n'kuyanikako zovala."

Mtima unamuwawa kwambiri bamboyu. Poti chipatalacho chimaonekera padenga lake, madzulo anatenga ndodo ya chokolopera, namangirira buluku la boma, n'kuima pakati pa bwalo kumaimba mluzu. Dokotala Rawan, mtsikana waulemu, anamuyang'ana tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu.

"Amalume, mukuitana ndani?"

"Ana anga, mwanangu. Akubwera."

"Mumawamvanso akulankhula?"

"Aaa, m'bandakucha ndiye sasiya!"

Dokotalayo anagwedeza mutu mwachisoni.

Tsiku lomwe madokotala atatu aja anakhala pansi kuti agamule, kumwamba kunachita mdima. Nkhunda zake zinatera ponseponse, pabwalo, pa galimoto za madokotala, yofiira ija patsogolo, itakokanso theka la za Abu Hilal. Abu Sakher analira ngati mwana. Odwala anaomba m'manja, ophika anatulutsa mpunga ndi mphodza zotsala n'kuwaza pansi. Madokotala, akupukuta zitosi pamapewa, anasaina onse atatu: munthuyu ndi wabwinobwino, ana ake aja abweradi.

Mlandu unatha ndi chipepeso, iye n'kubwerera kwawo. Anakwera padenga, napeza khola lili mbee. Nkhunda zinali zitalawa mpunga wa boma, wosatha, wopanda legeni, ndipo zinakhazikika paphiri pomwepo.

Anathamangira kuchipata cha chipatala.

"Kalata ya khoti ili kuti, amalume?" anafunsa mlonda.

"Iwe, dzana lomweli ndimagona muno!"

"Dzana munali ndi kalata. Muno salowa aliyense ngati mumsika."

M'mawa mwake anakakhala pa benchi ya kutsogolo m'khoti, pa mlandu wa anthu ena. Anavula malaya, nawazunguza, naimba mluzu mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Woweruza sanadzutse n'komwe mutu.

"Abu Sakher, madokotala atatu a boma anasaina kuti ndinu wanzeru. Ine ndani kuti nditsutse? M'tulutseni."

Mpaka lero, dzuwa likapendeka, mukadutsa kuseri kwa mpanda wa chipatalacho mudzapeza nkhalamba ziwiri, poti Abu Hilal nayenso theka la khola lake lili momwemo. Amaima motalikirana, salankhulana, aliyense ndi ndodo yake. Yofiira ija imatuluka, n'kuzungulira kamodzi pamutu pa Abu Sakher, iye n'kutambasula dzanja. Kenako belu la chakudya limalira m'katimo.